Mabaiti khumi ndi awiri

Dzuwa la ku Oulu lalowa 3 koloko isanakwane.
Njinga yanga yakwiririka ndi chipale kunja kwa ofesi,
khofi wazizira, ine ndikadali pachipata
pomwe timaphukusi ta mawu timafikira,
makumi asanu pa sekondi,
topanda odi.

Kalikonse kali ndi mutu wa mabaiti khumi ndi awiri.
Kakaperewera apo, sindikafunsa n'komwe kwawo.
Mabiti awiri oyamba anene kuti ziwiri,
akanena china ndikataya.
Kenako nambala ya pamzere, chidindo cha nthawi,
chizindikiro cha mwini mawu,
ndiyeno katundu weniweniyo:
kadontho ka liwu la munthu, kafupi kuposa kuphethira.

Lachiwiri kanabwera kena kaulemu,
mutu wosalala, manambala ali m'malo mwake,
koma baiti yake yomaliza inkalumbira
kuti mabaiti mazana awiri akumchira ndi otsekera mpata chabe,
pomwe konseko kanali ndi makumi anayi.
Pulogalamu yanga inakhulupirira.
Inawerenga chafutambuyo, kupyola mutu, kupyola mpanda,
mpaka m'chipinda cha eni, n'kugwa chagada.
Chikomekome cha mkuyu.
Ndinawonjezera mzere umodzi: yeza kaye.

Koma si zimenezo zandichedwetsa lero.
Ndi kalata ya Marketta Pöyhönen,
namwino wa pachilumba cha Hailuoto,
amene sadziwa dzina langa,
sadziwanso kuti laibulale yathu imagona
pansi pa batani lobiriwira limene amadina.
Akuti a Aatos, a zaka makumi asanu ndi atatu,
ankafotokozera dokotala wa kumtunda za chifuwa chawo,
mawu anangoti zii.
Milomo ikuyenda pagalasi, mawu kulibe.
Akuti n'kachitatu tsopano,
ndipo sizipitirira mphindi makumi awiri ndi ziwiri.

Ndawerengetsera kuseri kwa lisiti.
Nambala ya pamzere ili ndi denga: 65535.
Ikafika apo siima, sifunsa,
imangotsikira pa ziro n'kuyambanso.
Ine ndinauza mlonda wanga kuti
wamng'ono kuposa amene wadutsa kale ndi wochedwa, mtaye.
Ndiye ziro atafika, wosalakwa, pa nthawi yake,
anamutsekera kunja,
ndi wani, ndi thuu, ndi mtundu wonse wobwera pambuyo pawo,
chifuwa cha a Aatos
dontho ndi dontho kudzala.

Mlondayo sanagone pantchito.
Anachita zimene ndinamuuza.

Santtu wa desiki loyandikana nane wavala kale jekete,
akuti mawa liliko. Ndangomukwezera dzanja.

Manambala awa sayenda mumsewu wowongoka,
amazungulira ngati mivi ya wotchi:
wani akabwera pambuyo pa thwelofu
palibe amamunena kuti wachedwa.
Ndalembanso lamulo. Ona mpata wa pakati pawo.
Ukachepera theka la bwalo, ndi wakutsogolo, mtsegulire.

Kenako ndapanga dala timaphukusi tolumala.
Kena ndakadula mutu, kena ndakabereka mapasa,
tiwiri ndatisinthanitsa malo,
kena ndakaphunzitsa bodza la Lachiwiri lija,
ndatitumiza tonse pachipata changa chomwe.
Tokanidwa takanidwa. Tochedwa pang'ono tadikiridwa.

Chatsala ndi ziro.
Ndikanatha kuyambitsa nambala pafupi ndi denga,
koma ndayamba pansi, ndikufuna ndidikire monga anadikirira iwo.
Ndavala mahedifoni, ndadziimbira ndekha,
ndikuwerenga mokweza nthawi zonyamukira pantoni ya ku Hailuoto,
za m'kati mwa sabata, za Loweruka, za pa tchuthi,
n'kubwerezanso, pakhosi pauma gwa.
65533.
65534.
Ndili pakati pa liwu lakuti Lamulungu,
ndipo lafika lonse m'khutu mwanga, losathyoka.

Palibe adzadziwe kuti pamenepa panali dzenje.
Ndalembera Marketta mizere iwiri: ayesenso Lolemba,
a Aatos alankhule mpaka atope.
Ndazimitsa magetsi. Ndipite ndikafukule njinga.